Kukwatitsa mitengo ya bonsai yoyoyola masamba: nthawi yake ndi njira zake

Mlimi wa mango akamakwatitsa mbande, chimene akufuna ndi zipatso zabwino zobwera msanga. Polumikizirapo pakatupa ngati bondo iye alibe nazo ntchito, bola mtengo ubereke. Pa bonsai nkhani ndi ina. Kamtengo ka m'mbale anthu amakayang'ana ali pafupi, kuyambira kumizu mpaka kunsonga, ndiye chipsera chilichonse chimakhala pambalambanda. Wosamala bonsai amakwatitsa kuti aike nthambi pamene mtengo wakana kuphukira, kuti atseke mpata umene mizu yasiya, kapena kuti asinthe mtundu wa masamba ndi maluwa, ndipo cholinga n'chakuti pakapita zaka zingapo munthu asadziwe n'komwe kuti panadutsa mpeni. Ku Japan, kumene luso limeneli linakhwimira litachokera ku China, kukwatitsa amati tsugiki, ndipo njira iliyonse ili ndi dzina lake.

Tikunena za mitengo ija imayoyola masamba kukazizira n'kugona mpaka kutafunda: maple wa ku Japan, amene dzina lake la sayansi ndi Acer palmatum, maple wa masamba a nsonga zitatu wotchedwa Acer buergerianum, zelkova, hornbeam, beech, elm wa ku China, maapozi a tizipatso ting'onoting'ono, ndi ume, wachibale wa pichesi uja amachita maluwa masamba asanatuluke. Ku South Africa ambiri amakonda Celtis africana, mtengo wa konkuno ku Africa umene umapola mabala msanga. Maple wa ku Japan amafuna kuzizira kwenikweni, choncho kumadera otentha monga kuchigwa cha Shire kapena m'mbali mwa nyanja sangakupindulireni. Wofuna kuphunzira dzanja ayambe ndi mabulosi kapena pichesi, poti ikafa simulira.

Chimene chimagwirana

Sendani khungwa la kanthambi ndi chikhadabo. Pamene khungwa likulekana ndi mtengo woyera wa m'kati pali kansalu konyowa, kopyapyala kuposa pepala, kotchedwa kambiyamu. Ameneyu ndiye amapanga mtengo watsopano cham'kati ndi khungwa latsopano chakunja. Akavulala amatulutsa mnofu wofewa wopoletsa bala, ndipo mnofu wa mbali ziwiri ukakumana umalukana n'kupanga timitsempha tatsopano todutsa madzi ndi chakudya. Kukwatitsa konse ndi kumeneku basi. Pafunika kuti kambiyamu wa uku akhudze wa uko, pasakhale kugwedera, ndiponso pasaume.

Apa pali msampha umene umakola ambiri. Khungwa la thunthu lakale ndi lochindikala, mwina mamilimita 2 kapena 3, pamene la kanthambi ka chaka chimodzi silifika n'komwe theka la milimita. Mukalinganiza makungwa kunja kuti paoneke posalala, kambiyamu wa kanthambi amakhala atayang'anizana ndi khungwa lakufa, ndipo sipagwira kanthu. Kanthambi kazikhala kolowa pang'ono m'kati.

Mtengo ukwatitsidwe ndi mtundu wake womwe. Maple wa ku Japan ndi maple wa nsonga zitatu onse ndi maple, koma sagwirizana. Chabwino koposa ndi kutenga kanthambi pamtengo womwewo, kapena mbande imene munadzala kuchokera ku nthambi yake, chifukwa mbande za njere zimasiyana ndi kholo lake: ina masamba aakulu, ina yofiira msanga, ina khungwa lotuwa. Kusiyanako sikuoneka lero, kudzaoneka nthambi itakula, nthawi yobweza itapita.

Nthawi: yang'anani maso a mtengo

Kalendala imangokuuzani mwezi woti muyambe kuyendera mtengo tsiku ndi tsiku. Cholamula ndi maso, timatuza tija timatulutsa masamba. Mtengo ukagona, maso amakhala aang'ono, olimba, omatirira ku nthambi. Ukayamba kudzuka amatupa, amanyezimira, ndipo mtundu wake umasintha. Kenako amatseguka, masamba n'kutambasuka, ndipo pakapita milungu ingapo masambawo amakhwima. Njira iliyonse mwa zinayi zimene tizifotokoze m'munsimu ili ndi pake pamzere umenewu.

Kuboola thunthu kumafuna maso ogona, kutatsala mlungu umodzi kapena iwiri kuti atupe, chifukwa diso lotupa limathothoka likamadutsa pabowo. Kulowetsa kanthambi kodula kumafuna kuti mtengo wolandira ukhale utayamba kudzuka koma kanthambiko kakadali mtulo. Mizu imakwatitsidwa pa tsiku losintha dothi, maso atatupa koma asanatseguke. Njira yogundanitsa ndiyo yomasuka, imatheka kuyambira pamene maso atupa mpaka masamba oyamba atakhwima.

Ku Japan ndi ku Britain, nthawi ya maso ogona chakumapeto imagwa mu Febuluwale ndi Malichi. Kum'mwera kwa dziko lapansi miyezi imatembenuka: ku Johannesburg, ku Harare, ku Lusaka ndi kumadera okwera a Malawi monga Dedza, ndi Julayi mpaka pakati pa Ogasiti. Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko lapansi, ndiye mukaona alemba Malichi onjezerani miyezi 6, kenaka muchotsepo milungu ingapo, popeza kumene kuzizira n'kochepa mitengo imagona tulo topepuka ndipo imadzuka msanga. Elm wa ku China kumalo ofunda nthawi zina sayoyola n'komwe masamba onse. Chizindikiro chodalirika ndi mapichesi a m'dera lanu: akangoyamba maluwa, dziwani kuti masiku oboola atsala owerengeka.

Bwanji osangochita masamba akangogwa, mu Meyi kapena Juni? Chifukwa mnofu wopoletsa uja supangika kukazizira. Umakula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 25. Bala lotsegulidwa kumayambiriro a nyengo yozizira limangokhala yasa kwa miyezi iwiri, m'mphepete mwake n'kuuma, ndipo kumene kumagwa chisanu limapsa. Kuchedwa nakonso kuli ndi kuipa kwake kuno kum'mwera kwa dziko lapansi. Kanthambi kodula kolowetsedwa mu Seputembala kamakumana ndi dzuwa ndi mphepo youma ya Okutobala kasanagwire, ndipo kamauma pa masiku ochepa.

Pali mpata wachiwiri wa njira yoboola, masamba oyamba atakhwima: Juni kumpoto kwa dziko lapansi, Novembala kapena Disembala kuno kum'mwera kwake. Mumadula masamba onse a kanthambi ndi sizasi, n'kusiya timapesi tating'ono toteteza maso. Izi zimayenda bwino pa maple wa nsonga zitatu ndi pa Celtis, koma mtengo ukhale wamphamvu ndithu. Kumene mvula yayamba, uikeni pakhonde kwa milungu itatu kuti madzi asamalowe m'bowo.

Mtengo wofooka musaukwatitse mwezi uliwonse. Ngati chaka chatha mphukira zake sizinatalike, upatseni chaka china cha feteleza ndi dzuwa. Komanso musadule mizu yambiri chaka chimene mukukwatitsa nthambi, chifukwa kugwira kumadalira kunenepa, ndipo mtengo umene ukuchira mizu sunenepa.

Zida

Mpeni ukhale wakuthwa moti n'kumeta ubweya wa pamkono. Wabwino ndi wonoledwa mbali imodzi yokha, monga kiridashi wa ku Japan, chifukwa umadula mosalala osapanga kamsana pakati. Pa tinthambi tating'ono lezala latsopano limakwana. Pukutani ndi sipiliti musanayambe ndiponso mukamachoka pa mtengo wina kupita pa wina. Mufunikanso makina oboolera ndi tizitsulo take ta mamilimita 2 mpaka 6, waya wa aluminiyamu, timisomali ting'onoting'ono, tizidutswa ta mphira wa chubu cha njinga, timitengo ta nsungwi tosongola, ndi tepi yokwatitsira. Parafilm ndi yabwino poti imatamuka ndipo diso limaiboola lokha, koma timizere ta pepala la shuga, tomwe tija amamangira mango, timagwira ntchito bola mukumbukire kudzamasula. Chomatira mabala chikhale phala la bonsai lokhala ngati dongo, kapena phula la njuchi lofewetsedwa m'manja. Girisi, oyilo ndi mafuta odzola ayi: dzuwa likawomba zimasungunuka n'kulowa pakati pa kambiyamu.

Njira yoboola thunthu

Ku Japan amati toshi-tsugi, m'mabuku a Chingerezi thread graft. Mwa njira zonse iyi ndiyo sikhumudwitsa kawirikawiri, ndipo wongoyamba kumene ayambire pano. Kanthambi sikachotsedwa kwa mayi wake mpaka katagwira, choncho sikafa ndi ludzu podikira. Chipsera chakenso n'chochepa, poti nthambi imatuluka m'thunthu ngati yobadwira pomwepo. Imayenera mitengo yoyoyola masamba chifukwa kanthambi kopanda masamba kamadutsa pabowo laling'ono, zimene paini sangalole.

Kukonzekera kumayamba chaka chimodzi m'mbuyo. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu pamtengo womwewo, muzisiye zikule osazidula mpaka zitalike masentimita 40 kapena 60. Ziwiri kapena zitatu chifukwa imodzi imathyoka ndithu. Zikadali zofewa, zikhotetseni ndi waya mozungulira patali kulozera kumene zidzalowere. Maple akagona amakhala wophweka kuthyoka, ndipo kumupinda mwadzidzidzi tsiku lomwelo ndi kumene ambiri amalirira. Gawo lodzakhala m'bowo likhale lonenepa mamilimita 2 mpaka 4. Ngati mtengo ulibe mphukira yotere, gwiritsani ntchito mbande ya m'kachubu kake, muimangirire ku mbale kuti isasunthe.

Lembani kadontho pamene mukufuna nthambi. Pakhale pa khungwa lamoyo, osati pachipsera chakale kapena pouma. Yambirani kuboola pakadonthopo kupita kuseri, osati kuchokera kuseri. Zifukwa zake ndi ziwiri: nthambi idzatuluka ndendende pamene mwafuna, ndipo kachitsulo kamang'amba khungwa kumene kakutulukira, ndiye kung'ambikako kukhale kuseri kumene kulibe ntchito. Pendeketsani kuti kotulukira nthambi kukhale kokwera pang'ono kuposa kolowera. Nthambi yoloza m'mwamba imakula mwamphamvu, ndipo mudzaitsitsa ndi waya itagwira.

Yambani ndi kachitsulo ka mamilimita 2, kenako kulitsani. Kukula kwa bowo muyeze pamfundo yonenepa kwambiri imene idutsepo, maso ake omwe, n'kuonjezera milimita imodzi. Bowo likachepa limapulula maso, likakula kanthambi kamatenga zaka kuti kalidzaze. Boolani pang'onopang'ono, mukutulutsa kachitsulo kuti utuchi uchoke. Makina othamanga amatenthetsa chitsulo n'kuphika kambiyamu wa m'mphepete mwa bowo, ndipo bowo lophikidwa silipola, limangoda n'kubwerera m'mbuyo. Mukatha, yeretsani m'mphepete ndi nsonga ya mpeni mpaka muone khungwa loyera lamoyo kuzungulira konse.

Tsopano lowetsani kanthambi kuchokera kuseri, nsonga patsogolo. Maso amaloza kunsonga, ndiye akhoza kukodwa. Akulungeni ndi Parafilm kamodzi, kapena ng'ambani kapaipi komwera zakumwa m'litali, muvekemo kanthambi, mudutsitse zonse pamodzi n'kusolola kapaipiko kutsogolo. Musabweze m'mbuyo mobwerezabwereza.

Poimitsira ndi pofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Kokani mpaka mfundo imodzi yokhala ndi maso athanzi ikhale kunja kwa bowo pa mtunda wa mamilimita 5 mpaka 10. Pamfundo imeneyi ndi pamene nthambi idzagawikire koyamba. Mukaisiya pa masentimita 4, mudzakhala ndi nthambi yowongoka ngati ndodo yopanda pogawikira, ndipo sizikonzeka. Ikakhalanso m'kamwa mwenimweni mwa bowo, mnofu udzaimeza.

Thinitsani ndi kamtengo ka nsungwi kolowetsa kuseri, pansi pa kanthambi, kuti kakankhidwire kudenga la bowo. Chakudya chochokera kumasamba chimatsika ndi khungwa, choncho mnofu umakula kwambiri m'mphepete mwa pamwamba, ndipo kugwira kumayambira pamenepo. Musakhomere mwamphamvu mpaka kufinya kanthambi, kangofunika kasagwedere. Ena amapala khungwa la kanthambi pamene kakutulukira kuti kagwire msanga. Pa maple wa khungwa lopyapyala phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi ngozi yake: kanthambi kakanenepa kamadzithina kokha m'bowo ndipo makungwa amaphwanyika n'kulumikizana. Matani mbali zonse ziwiri ndi phala, ndipo mangani gawo la kuseri ndi waya ku nthambi ina kuti mphepo isalivute.

Kuyambira apa lamulo ndi limodzi: kotulukira kunenepe kuposa kolowera. Thotholani maso onse ndi mphukira zonse za gawo lolowera, kuchokera pamene kanthambi kamera mpaka pabowo, ndipo muzibwereza nyengo yonse. Gawo lotuluka musalidule ngakhale litatalika mita n'kuononga maonekedwe a mtengo. Nsonga yake iloze kumwamba, ipeze dzuwa, ndipo nthambi za pamwamba zimene zikuiphimba muzidulire. Thirani feteleza monga mwa nthawi zonse masamba akakhwima.

Mudzadziwa kuti zagwira mukaona kotulukira kwanenepa moonekeratu kuposa kolowera, bowo ladzaza, ndipo patsinde pa nthambi pachita kamkanda kotupa kolumikizana ndi khungwa la thunthu. Maple wa nsonga zitatu, elm ndi Celtis zikhoza kufika apa nyengo imodzi. Maple wa ku Japan amatenga chaka chimodzi kapena ziwiri, beech ndi hornbeam nthawi zambiri kuposa apo. Kunenepa kokha kumanamiza, chifukwa kanthambi kothinidwa kamatupa ngakhale kasanalumikizane. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mukakayika, onjezerani nyengo ina, palibe chimene mutaye.

Kuyamwitsa kumaleka pang'onopang'ono. Palani theka la khungwa la gawo lolowera, kapena limangeni ndi waya wothina, mudikire milungu itatu kapena inayi. Masamba akapanda kufota, dulani n'kusiya chitsa cha masentimita 2 kapena 3. Chitsacho mudzachichotse pakapita miyezi ingapo, mosalaza ndi thunthu, n'kumata. Musachite zimenezi m'masiku otentha kwambiri. Ndipo chaka choyamba musaitsitse nthambiyo mwamphamvu ndi waya, chifukwa chimene chaigwira ndi kamzere kochepa ka mnofu ndipo ikhoza kusomphoka.

Njira yogundanitsa

Iyi ndi yobi-tsugi, kapena approach graft. Imathandiza pamene makina oboolera sangafike, pamene thunthu ndi lalikulu kwambiri, kapena maso atatseguka kale. Apanso kanthambi kamakhalabe pamizu yake, koma m'malo modutsa m'kati kamagona m'kangalande kosemedwa pakhungwa.

Semani kangalande kotalika masentimita 2 mpaka 4, m'lifupi mofanana ndi kanthambi, kozama moti kanthambi kalowe konse kapena katsale pang'ono chabe. Kangalande kosaya ndiko kulephera kwa njira imeneyi: mnofu umakula pansi pa kanthambi n'kukakankhira kunja, ndipo pakutha pa chaka mumapeza bala lapola bwinobwino koma kanthambi kali pambali. N'chifukwa chake ndi bwino kuti pansi pa kangalande pakhale potakasuka pang'ono kuposa pakamwa pake, kuti milomo ikamapola izitsekera kanthambi m'kati. Palani pang'ono mbali ziwiri za kanthambi zimene zikhudze milomoyo, mongofika pobiriwira. Kagonekeni moti mfundo ikhale pafupi ndi potulukira, monga tanenera kale.

Kukhoma kukhale kolimba. Ikani kachidutswa ka mphira pamwamba pa kanthambi, mukhome timisomali tiwiri m'mbali mwake kuti mitu yake ipsinje mphirawo, kapena mumange waya kuzungulira thunthu mutaika mphira pansi pake. Tepi yokha siikwana, mnofu uli ndi mphamvu kuposa tepi. Matani ndi phala. Muziyendera mwezi uliwonse kuti waya asadye khungwa. Kasamalidwe ndi kadulidwe n'chimodzimodzi ndi njira yoboola. Choipa chake n'chakuti chipsera chimakhala chachitali, ndipo pa mitengo ya khungwa losalala monga beech ndi maple wa ku Japan chimaoneka zaka zambiri. Ngati n'kotheka, kangalande kayambire kuseri kapena pansi pa nthambi ina.

Kukwatitsa mizu

Mizu yoonekera pamwamba pa dothi, imene amaitcha nebari, ndiyo imapatsa bonsai maonekedwe a mtengo wakale wogwira nthaka. Mtengo wokhala ndi mizu mbali imodzi yokha umaoneka ngati mzati wozikidwa. Mankhwala ake ndi kukwatitsa mizu, kumene ku Japan amati ne-tsugi.

Konzani mbande za chaka chimodzi kapena ziwiri, zonenepa ngati pensulo kapena kucheperapo. Pa tsiku losintha dothi, tsukani tsinde kuti muone bwino pamene pali mipata. Mbande iliyonse muidule muzu wolunjika pansi, musiye ya m'mbali imene iloze kunja. Semani kangalande koimirira patsinde, kuyambira pamzere wa mizu inayo kukwera masentimita 2 kapena 3. Gonekani mbande moti khosi lake, paja tsinde limasanduka muzu, likhale pamzere womwewo. Mukaikweza, muzu watsopano udzaoneka ngati mwendo wa mpando. Mukaitsitsa udzakwiririka ndipo mwagwira ntchito pachabe. Khomani ndi kamsomali ndi mphira, matani, yalani mizu yake mopingasa, n'kukwirira ndi dothi la masentimita 2 pamwamba kuti isaume. Mudzafukula pang'onopang'ono zaka zikubwerazo.

Ngati tsinde lili lotambalala, mukhoza kuboola kuchokera pansi pa mzere wa mizu kukwera, n'kudutsitsa mutu wa mbande mpaka khosi lake litathina pabowo. Imeneyi imagwira molimba kuposa kangalande.

Mutu wa mbande uusiye ukule momasuka, ndiwo ukunenepetsa muzu. Vuto lofala ndi mthunzi: mbande ili pansi pa nthambi zonse za mtengo waukulu, ndiye ikasowa dzuwa imafooka n'kufa. Ikokereni kunja ndi waya ndipo mbali imeneyo iziyang'ana dzuwa. Pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, dulani mutuwo mosalaza. Mbande zitatu kapena zinayi pa nthawi imodzi n'zokwanira pa mtengo wapakati, ndipo pakati pa mabala awiri pazitsala khungwa lamoyo.

Kulowetsa kanthambi kodula

Apa ndiye pamafunika dzanja lozolowera, chifukwa kanthambi kachotsedwa kwa mayi wake ndipo kali ndi madzi a milungu yochepa chabe. Njirayi, hara-tsugi, imagwiritsidwa ntchito pochulukitsa mitundu yosankhika ya maple monga Deshojo wa masamba ofiira pophukira kapena Shishigashira wa masamba opotana, ndiponso pobwezera nthambi zam'kati pa ume wakale, amene amakonda kuphukira kunsonga kokha. Pa ume nthawi yake ndi maluwa akangotha, maso a masamba asanatseguke.

Dulani tinthambi ta chaka chimodzi mtengo uli mtulo tofa nato, kanthambi kalikonse ka mfundo ziwiri kapena zitatu, masentimita 5 mpaka 8. Tikulungeni m'pepala lonyowa pang'ono, muike m'pulasitiki, musunge m'filiji pa madigiri 1 mpaka 4, osati mbali ija madzi amasanduka ayezi. Musatiike pamodzi ndi maapozi kapena nthochi, chifukwa zipatso zakupsa zimatulutsa mpweya umene umaononga maso. Kusungaku n'kumene kumachititsa kuti kanthambi katsalire m'mbuyo pamene mtengo wolandira ukudzuka. Zikatembenuka, kanthambi n'kuyamba kutulutsa masamba kasanagwire, kamamwa madzi ake onse n'kufa, ndipo mwini wake amakhala atasangalala kale poona masamba.

Maple ali ndi khalidwe lotuluka madzi ambiri akadulidwa pamene akudzuka, ndipo madziwo amamiza polumikizira. Chepetsani kuthirira milungu iwiri kapena itatu musanakwatitse, dothi lizingokhala lachinyezi pang'ono.

Pamtengo wolandira, dulani chotsitsa masentimita 2 kapena 3, mosaya, mongolowa pang'ono m'mtengo woyera, kuti pakhale kalilime ka khungwa kolendewera. Kanthambi kasongoleni mbali ziwiri: mbali yoyang'ana thunthu mudule motalika mofanana ndi balalo, mbali yakunja mofupikirapo. Mbali iliyonse idulidwe ndi kukoka mpeni kamodzi. Kusemasema kumasiya mabampu, ndipo pamene pali bampu pali mpweya. Musagwire podulapo ndi zala, ndipo lowetsani nthawi yomweyo pasanaume. Kanthambi kakachepa kuposa bala, kasunthireni mbali imodzi kuti kambiyamu akumane kumeneko, osati kukaika pakati pamene sikakhudza uku kapena uko. Mangani ndi tepi kuchokera pansi kukwera, matani pamwamba kuti madzi asalowe, ndipo kanthambi konse mukakulunge ndi Parafilm kapena mukaveke kathumba ka pulasitiki.

Ikani mtengo pamthunzi wowala, kopanda mphepo. Kathumba kakawombedwa ndi dzuwa kamasanduka mphika. Mukaona chuku m'kati, boolani timabowo tiwiri. Pakapita milungu 4 mpaka 6 maso amatseguka. Musavule kathumba tsiku limodzi: ng'ambani pang'ono, muonjezere masiku angapo aliwonse, kwa milungu iwiri. Tepi ikhale mpaka pakati pa nyengo yokula, koma muimasule ikayamba kudya khungwa. Mutu wa mtengo wolandira muudule m'magawo awiri kapena atatu, wotsiriza chaka chotsatira.

Pochulukitsa mtundu, kwatitsani pansi penipeni, sentimita imodzi kapena awiri pamwamba pa mizu, kuti chotupa chidzasochere m'kutambalala kwa tsinde. Mitengo ya m'manazale a maluwa imakwatitsidwa m'mwamba, ndipo bondo lake limakula ndi mtengo, n'chifukwa chake siikhala bonsai yabwino pokhapokha mutaimeretsa mizu ina pamwamba pa bondolo. Mtundu wa Arakawa, umene ulemerero wake ndi khungwa lokakala, ndiye usakwatitsidwe n'komwe pa maple wamba, chifukwa m'munsi mudzakhala mosalala m'mwamba mokakala mpaka kalekale.

Pa maapozi, ngati tsinde ndi kanthambi zili zofanana kunenepa, mamilimita 6 mpaka 10, dulani zonse mopendeketsa masentimita 3, mung'ambe kalilime pa chilichonse, muzilowetsane n'kumanga. Maapozi savuta, ndipo ndi poyambira pabwino pophunzira kukoka mpeni. Kukwatitsa diso limodzi, me-tsugi, kumachitika chakumapeto kwa nyengo yokula, Ogasiti kumpoto kwa dziko lapansi, Febuluwale kapena Malichi kuno kum'mwera kwake, ndipo disolo limagona mpaka nyengo yotsatira. Pa bonsai yokhwima sikuthandiza kwenikweni, chifukwa khungwa la thunthu lakale ndi lochindikala moti limakwirira diso lisanaphuke, choncho muzikuchita pa nthambi za chaka chimodzi kapena ziwiri zokha.